Siginecha ya Alamu

Alamu anga amawotcherera zitsulo, ndipo mageti ambiri a mumsewu mwathu anatuluka m'manja mwawo. Ndi munthu wa mawu ochepa koma wonyada ngati tambala, moti ine ndi iwo timangokhalira kutolana. Ndiye tsiku limene anafika pakhomo panga atavala jekete pakati pa sabata, n'kukhala pampando osandinyoza ngakhale pang'ono, ndinadziwa kuti zavuta.

Akazi awo, omwe ndi achemwali anga, anali atadwala sitiroko. Mbali yakumanja inafa, pakamwa panapindika. Adokotala anati akayamba msanga mafizo kuchipatala cholipira, dzanja ndi mwendo zikhoza kubwerera, koma akachedwa ziuma. Ndalama zinalipo. Banjali linkasunga kubanki kuyambira kalekale mu akaunti ya dzina la alamu, yopanda khadi, pakuti achemwali ankati khadi limayabwa m'thumba.

"Mlamu, dzulo andibweza kubanki," anatero. "Akuti siginecha si yanga."

"Nanga ndi ya ndani?"

"Ya achemwali anu."

Ndinafuna kuseka, koma nkhope yawo inandiletsa. Anafotokoza akuyang'ana nsapato zawo. Potsegula akaunti ija, munthu wa kubanki anawasiyira mapepala kushopu kwawo kuti adzawatenge mawa lake, ndipo achemwali ndiwo analemba zonse kunyumba, mpaka kusaina dzina la amuna awo ndi kamchira kokhota kumapeto. Kuchokera pamenepo, ndalama ikafunika, achemwali ankasainiratu kapepala kotapira, alamu n'kukapereka pawindo atakweza mapewa. Ankadziwika, palibe ankafunsa. Dzulo lakelo anayesa okha kujambula dzina lija, mtsikana wa pawindo n'kuwabwezera.

"Sindidziwa kulemba, mlamu. Manambala a pa tepi yoyezera ndimawadziwa, koma zilembo ayi."

Zaka zonsezi ine ndimakhulupirira zoti bambowa amaiwala magalasi! Paukwati wa mwana wawo, magalasi anaiwala. Kusukulu kukasainira lipoti, magalasi anatsala pawindo. Chifundo chinandigwira mpaka nthabwala zonse zinandithera.

"Inu ndi achemwali anu zolemba zanu n'zofanana," anapitiriza. "Mungondisainira kamodzi kokha."

"Kuti tonse tikagone kupolisi? Nanga wodwalayo azimutembenuza ndani? Tiyeni tikanene zoona."

"Ndikaulula amanga achemwali anu. Munthu woti ngakhale supuni sangakweze!"

Kunena zoona, nanenso malamulo sindiwadziwa. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinavala nsapato n'kuwauza kuti kufunsa sikumangitsa munthu.

Kubanki anatilozera kaofesi ka magalasi kumbali kwa mzere, kopanda denga lakelake, koti ukatsokomola onse amva. Munali mayi wina wa imvi pang'ono, wothandiza makasitomala. Alamu anakhala kunsonga kwa mpando, chipewa pabondo.

"Mayi, kuli mnzanga wina," anayamba. "Mnzangayo ali ndi akaunti konkuno. Ndiye akazi ake ndi amene amamusainira. Ndiye adwala. Akufunsa kuti kodi pali mlandu?"

Ine ndinangoyang'ana kudenga. Mayi aja sanamwetulire n'komwe.

"Mnzanuyo ankadziwa kuti akumusainira?"

"Ankadziwa. Ankachita kupempha yekha."

"Nanga bwanji sankasaina yekha?"

Ndinkaona thukuta likutsika kuseri kwa khutu la alamu. Tsono alamu anga makutu anatha ndi phokoso la galainda yodulira zitsulo, sadziwa kunong'ona, moti zimene ananena zinamveka mpaka kwa mlonda pakhomo.

"Mnzangayo ndine. Sindinaphunzire. Ngati pali womangidwa mangani ine, mayi akunyumba muwasiye."

Anthu a pamzere anatembenuka. Mmodzi ndinamuzindikira, mwini golosale yemwe alamu anamupangira zitseko, ndipo iwonso anamuona. Sanazyolike. Anangofinya chipewa chija mpaka chinasanduka chiguduli.

"Bambo, sindikunamizani," anatero mayi aja motsitsa mawu. "Kusaina dzina la munthu wina n'kulakwa, ngakhale ali mwamuna wako. Zikanakhala kuti mayiwo ankatapa ndalama inu osadziwa, bwenzi pano tikukamba zina. Koma mwini ndalama ndinu, wodzatenga munali inu nomwe, wodandaula palibe. Ndilemba mmene mwanenera, akuluakulu aone, ndipo muyembekezere masiku angapo. Chiphaso muli nacho? Kuyambira lero muzidinda chala pamaso pa mboni. Ambiri amatero, ena ndalama zawo kuposa zanu."

"Ndiye samangidwa?"

"Ine sindine woweruza, koma pazaka zomwe ndakhala pampando uno sindinaone womangidwa pa nkhani yotere. Chikanakupwetekani n'kupeza wina woti akopere siginechayo."

Alamu anandiyang'ana chammbali. Ndinawasungira chinsinsi, koma ndinakhosomola dala.

Mayi aja anabweretsa inki. Chala chachikulu chakumanja cha alamu chinangosiya chibanga chosalala, mizere yonse inapsa kalekale ndi moto wa zitsulo. Anayesanso, chimodzimodzi.

"Taonani, alamu," ndinatero, "ngakhale chala chomwe chaiwala magalasi."

Anaseka mpaka misozi, kapena misoziyo inalipo kale, sindikudziwa. Chakumanzere ndiye chinaoneka bwino. Mayi aja anadinda chidindo n'kunena kuti siginecha yakale ija yathetsedwa, isadzagwirenso ntchito. Apo alamu anasiya kuseka.

Achemwali tinawapeza atatsamira mapilo, dzanja lakufa lili pamiyendo. Ndinawafotokozera zonse mokondwa, kuti ndalama zituluka, mafizo ayamba, palibe womangidwa. Ndinkayesa asangalala. Iwo anangokodola amuna awo ndi dzanja lamanzere, n'kugwira chala cha inki chija, kuchitembenuza uku ndi uku. Mawu ankatuluka molemera, limodzilimodzi.

"Mwanena... pagulu?"

"Ndanena."

"Ine ndinabisa... zaka zonsezi."

"Munabisa bwino, mayi. Ngakhale mlongo wanu wa pakamwayu sankadziwa."

Misozi inayenderera mbali yopindika ija. Pamenepo mpamene ndinamvetsa kuti kusainako kwa achemwali sikunali chintchito chotopetsa. Kuphika anasiya, kuchapa anasiya, kusamba komwe tinkachita kuwasambitsa, ndipo chimodzi chomwe ankadziwa kuti palibe wina angawachitire amuna awo tinali titangochithetsa ife, tikuseka.

"Ndiye... mwandichotsa ntchito," anatero.

Alamu anagwada pambali pa bedi, jekete ili m'thupi. Anatenga dzanja lakufa lija n'kuyamba kuliwongola zala, chimodzichimodzi, mosamala kuposa mmene ndinawaonerapo akugwira chinthu chilichonse.

"Ntchito yasintha chabe," anatero. "Dzanjali lichire msanga. Ndauza banki yonse kuti sindidziwa kulemba, ndiye pakufunika mphunzitsi, ndipo wina sindimufuna."