Mapasa a Nangondo

"Tchulanso dzinalo," ndinatero.

"Sekani."

"Sekani ndani?"

"Sekani chabe. Ambuya sanakambepo zambiri. Iwe, manje tiyende, malo aya anunkha monga mu mochale."

"Unalowamo liti mu mochale iwe?"

Abednego, mwamuna amene ndinkayembekezera kukwatiwa naye, yemwe timangomutchula kuti Abedi, anapachika jekete lake paphewa n'kuima kumbuyo kwanga ngati munthu wodikira basi. Tinali m'chipinda cha pansi cha laibulale ina ya mbiri za mabanja ku Croydon, mopanda zenera, momwe mumakhala makina oonera mabuku akale. Mabukuwo anawajambula pa mafilimu. Umapukusa chogwirira, masamba n'kumadutsa pagalasi, pepala lakuda zilembo zoyera, ngati zolembedwa ndi choko pa mtanda wa kumanda.

Nzeru yobwera kumeneko inali yanga. Chinkhoswe chathu chinali pafupi, holo tinali titapeza kale ku Ilford, ndipo ine ndinkafuna kupachika pakhoma chithunzi chachikulu cha mitengo iwiri: wa kwathu ku Mchinji ndi wa kwawo kwa Abedi, kufupi ndi Chipata, nthambi zake zikukumana pamwamba pomwe pali maina athu. Atsikana anzanga amathamangira maluwa ndi keke. Ine ndinathamangira khadi la laibulale. Kuyambira ndili mwana, ndikaona mfundo pa chingwe sindidutsa ndisanaimasule, ngakhale chingwecho chikhale cha eni.

Amene ankatithandiza anali a Bruce, mzungu wachikulire wogwira ntchito mongodzipereka, wokonda akufa kuposa amoyo. Tsiku loyamba anandipatsa pepala la timabokosi, dzina la bambo pamwamba, la bambo wa bamboyo pamwamba pake, kumangokwera choncho. Sindinapite patali. Agogo aamuna a kwathu anapita ku Joni ndi dzina lina, n'kubwerako ndi lina, ena osabwerako n'komwe. A kwawo kwa Abedi anamwazikira ku migodi ya Kabwe. M'mabuku amuna athu amasungunuka ngati mchere m'ndiwo. Koma akazi sachoka. Mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndipo mkaziyo amabadwira, kubatizidwira ndi kuikidwa m'mudzi womwewo. Choncho ndinatembenuza pepala la a Bruce n'kuyamba kutsata amayi.

Mafilimu amene tinkaonawo anali a mabuku a ubatizo a kamishoni kena ka m'malire, komwe ansembe ake ankayenda pa njinga mbali zonse ziwiri osadziwa kuti awoloka. Sabata yapitayo ndinali nditapezamo Etta, agogo awo a amayi anga. Wansembe analemba kuti: Etta, mwana wa Nangondo, mudzi wa Msukwala. M'mphepete anawonjezera ndi tizilembo ting'onoting'ono kuti mwanayu ndi wa mapasa, mnzake Sekani sanabatizidwe. Ndinasekerera ndekha tsiku limenelo. Mapasa m'banja mwathu, ndipo palibe anandiuzapo.

Lero tinkafuna Ellen, amayi a mayi ake a Abedi, amene analeredwa ndi anthu ena tsidya linalo. Tsopano anali pagalasi patsogolo panga.

"Abedi, tayang'ana apa."

"Naona. Ellen. Tamupeza, zikomo, tiyeni."

"Werenga mzere wonse."

Anawerama, mpweya wake ukundiomba khutu. Ellen, mwana wamasiye. Kholo lake: Sekani, wa ku Msukwala.

"Msukwala si kwanu uko?"

"Ndi kwathu."

A Bruce anali atafika kale, magalasi ali pamphuno. Nditawafotokozera, nkhope yawo inawala ngati awina mpikisano. Anati zoterezi anaziwonapo kamodzi kokha chiyambire ntchitoyi. Anatenga pensulo n'kujambula mizere iwiri yotsika kuchokera kwa Nangondo, wina kudzera mwa Etta mpaka kwa ine, wina kudzera mwa Sekani mpaka kwa Abedi. Kenaka anatitsimikizira mokoma mtima kuti tisadandaule, chibale chakecho n'chakutali kwambiri, lamulo la kuno lilibe nacho ntchito.

Abedi anaseka mpaka mayi wina wa pa makina oyandikana nafe anatembenuka.

"Ndiye kuti ndiwe msuweni wanga. Mkazi wanga kuchokera kale. Nenze kuvutikira chani kukugulira ma chips?"

"Mwina."

"Mwina chani?"

Ndinalanda pensulo ya a Bruce. Sindinafunike kumuphunzitsa Abedi, amayi ake ndi Achewa ngati anga, koma dzanja langa linkafuna chochita. Ndinaloza dzina la Sekani. Ngati anali mwamuna, mlongo wake wa Etta, ndiye kuti ana awo anali asuweni, ndipo ife adzukulu tikhoza kukwatirana anthu akuimba nthungululu. Ana a mwamuna amakhala a mbumba ina. Koma ngati Sekani anali mkazi, mzere wa Abedi ndi wa akazi okhaokha: Sekani, Ellen, amayi ake. Wanganso chimodzimodzi. Ndiye kuti tonse tinayamwa bere limodzi la Nangondo. Kwathu zimenezo sizitalika ndi mibadwo. Ana a akazi apachibale ndi munthu ndi mlongo wake, ndipo palibe nkhoswe imene ingakhale pamphasa kumanga ukwati wotero.

Abedi anasiya kuseka.

"Sekani ni dzina la mwamuna," anatero.

"Ndinaphunzira ndi a Sekani awiri ku sekondale. Wina ankavala diresi."

"Ah, iwe."

Tinapukusa. Tinafufuza m'buku la maukwati, m'buku la maliro, m'kaundula wa ophunzira katekisimu. Sekani sanali Mkhristu, choncho ansembe analibe naye ntchito. Anangotulukira kawiri konseko m'mphepete mwa maina a ena, ngati munthu wosuzumira pa mpanda. Filimu yomaliza inatha mwadzidzidzi, galasi n'kungoti mbee. A Bruce anati mabuku a zaka zotsatirazo anadyedwa ndi chiswe asanajambulidwe. Anafunsa ngati tili ndi wachikulire aliyense wamoyo amene angakumbukire. Anati pa ntchito imeneyi amoyo ndi amene amavuta, koma nthawi zina sungawapewe.

Wachikulire tinali naye. Amayi anga aakulu, a Bessie, akulu awo a malemu amayi anga, namwino wa ku Lewisham. Iwo analeredwa ndi Etta yemweyo mpaka kutha msinkhu. Popeza malume ali ku Mchinji, kuno a Bessie ndiwo ankaimira mbali yathu pa zokambirana zonse za chinkhoswe.

Tili pa siteshoni Abedi anandigwira mkono.

"Effie, mvera. Amene aziba nkhani iyi ni ndani? Ine, iwe, na mzungu uja. Mzungu mawa azaiwala. Tsabola wakale sawawa."

"Ndiye tingokhala chete?"

"Tikhale chete. Upachike mtengo wa abambo chabe. Ndani azafunsa?"

"Ine."

"Iwe uzafunsa ndani?"

"Ndizidzifunsa ndekha, tsiku lililonse ukalowa m'nyumba."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatulutsa foni n'kuimbira amayi ake ku Chipata, naikweza mawu kuti ndimve nawo. Analonjerana, anakamba za mvula, za nsalu zimene tinawatumizira. Atafunsa za Sekani, kunamveka nkhuku zokha.

"Mami, muliko?"

"Ambuya ako anali wamasiye. Wamasiye safunsidwa kwawo. Wakutuma ndani?"

"Palibe, nifuna chabe kuziba ngati anali…"

Foni inaduka. Mwina inali netiweki. Abedi anayesanso, koma inangoitana.

Tinakwera sitima. Kunja kunali mitambo yakuda, ndipo galasi la zenera linkationetsa tonse awiri titakhala moyandikana. Kutchalitchi azimayi amakonda kutiseka kuti timafanana, kuti anthu okondana nkhope zimayamba kutengerana. Ndinkanyadira akamatero. Tsopano ndinayang'ana mphumi yake ndi yanga, mmene khutu lake limapindikira pamwamba. Ndinadziuza kuti ukafuna kufanana umakupeza ngakhale pakati pa mbuzi ndi m'busa. Kenaka ndinasuntha bondo langa kuti lisakhudze lake. Iye anaona.

A Bessie tinawapeza atangoweruka, akadali ndi sokosi za kuntchito, atakhala pa makina osokera. Pabalaza ponse panali nsalu ya chinkhoswe, yobiriwira ya madontho agolide, yomwe mbali yathu yonse inayenera kuvala. Ina inali pa mpando, ina pa wailesi yakanema, ina atadula kale manja a mabulauzi.

"Odi," anatero Abedi ali pakhomo, akuwomba m'manja pang'ono.

"Eee, alowe akamwini athu. Muli bwanji, bambo? Effie, chotsa nsaluyo pampando apongozi akhale. Uwapatse tiyi."

Umu ndi mmene ankachitira chiyambire. Ngakhale kanyumba kawo n'kochepa, ankasunga ulemu wa chipongozi mokwanira: sankamuyang'ana Abedi m'maso, sankakhala naye mpando umodzi, ndipo kapu ya tiyi inkadutsa m'manja mwanga. Ankachita moseka, koma sanaphonyepo.

"Nanga mtengo wako uja wabala zipatso?" anandifunsa, phazi likupondaponda makina. "Anzako akuyeza madiresi, iwe uli kalikiliki kudzutsa akufa. Akadzuka udzawadyetsa chiyani?"

"Ndapeza agogo Etta."

"Sanasowe. Ali ku Msukwala pansi pa mtengo wa mbawa, ndinaponyapo dothi ndekha."

"Amayi, bwanji simunandiuze kuti anali mapasa?"

Makina anaima.

"Wakuuza ndani?"

"Zalembedwa m'buku la ansembe. Etta ndi Sekani."

"Usatchule dzina limenelo m'nyumba mwanga."

Sanakweze mawu. Analankhula ngati mmene amauzira wodwala kuti asagwedezeke. Ketulo inali itayamba kulira kukhitchini, koma palibe anaisamala.

"Chifukwa chiyani?"

"Ndinafunsapo kamodzi ndili kamtsikana. Ndinamva azimayi akunong'ona kudambo. Agogo anandimenya ndi nthyole mpaka ndinalephera kukhala pansi, kenaka iwo omwe n'kuyamba kulira. Ku Msukwala mpaka lero palibe mwana amene amapatsidwa dzina limenelo. Munthuyo anachoka, anawoloka malire, ndipo mudzi unagwirizana kuti sanakhaleko. Basi. Iwe zikukukhudza bwanji?"

Ndinatsegula pakamwa, koma Abedi ananditsogolera. Anali atakhala m'mphepete mwa mpando, manja ali pakati pa mawondo.

"Ba mami, ambuya anga, a Ellen, anali mwana wa munthu uyo. Tachiona lelo. Sekani wa ku Msukwala."

A Bessie anatembenuka. Kwa nthawi yoyamba chibwerere Abedi m'nyumba imeneyo, anamuyang'ana m'maso. Anamuyang'ana kuyambira pamphumi, kutsika pang'onopang'ono, ngati akufuna mtsempha woti abayepo. Kenaka anadzuka, n'kudutsa pamwamba pa nsalu zija osaona kuti akuziponda, n'kukakhala pa mpando womwewo, phewa lawo likukhudza lake.

"Tembenuka kuno," anatero.

Abedi anatembenuka. Anamugwira chibwano n'kumupotolera kuwala kwa pazenera.

"Amayi ako ndi mwana wa Ellen? Wobereka yekha?"

"Inde."

"Ellen anali ndi abale?"

"Iyayi. Anali yekha."

"Anafika ndi ndani kumeneko?"

"Siniziba. Akamba ati anamupeza chabe pa khomo la tchalitchi, ali kamwana."

"Kamwana koyenda kapena koyamwa?"

"Koyamwa."

A Bessie anamusiya chibwano n'kutenga dzanja lake, kuliika pa bondo lawo, n'kulisisita kawiri. Abedi anayang'ana dzanjalo ngati si lake.

"Wadya, mwanawe?"

"Nadya, ba mami."

"Ukunama. Milomo yauma."

Anapita okha kukhitchini. Tinamva akuzimitsa ketulo, akutsegula kabati. Abedi anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi, pomwe panali tizidutswa ta nsalu yobiriwira ndi mapini. Atabwerera, kapu ya tiyi anaipereka kwa Abedi ndi manja awo. Ine sanandipatse kanthu.

"Amayi," ndinatero, "kholo lililonse likhoza kusiya khanda pakhomo la tchalitchi. Bambo akhoza, mkazi wake atamwalira. Zimachitika."

"Zimachitika," anavomera.

Anabwerera pa makina, koma sanakhale. Anadula ulusi, anasolola bulauzi yomwe inali pansi pa singano isanathe, n'kuipinda. Anatola manja a mabulauzi aja, nsalu ya pa wailesi yakanema, ya pansi, zonse kuzipinda mwaudongo, m'mbali mukukumana bwinobwino. Anaziika m'chikwama chachikulu cha mizeremizere n'kutseka zipi. Ankang'ung'udza kanyimbo ka kutchalitchi, kamene kwathu timaimba ponyamula bokosi.

"Mukuchotseranji nsalu?"

"Ingade ndi fumbi."

"Mawa mumati azimayi abwera kudzayesa."

"Ndiwauza tsiku lina."

Anatenga foni yawo pawindo, anavala magalasi, n'kuyamba kutsitsa maina ndi chala chimodzi. Ndinaona pamene chalacho chinaima. Linali dzina la malume ku Mchinji, mwini mbumba yathu.

"Chibale ndi fupa," anatero chapansipansi, osauza aliyense. Mwambiwo sanaumalize.

Abedi anaika kapu pansi asanamweko. Foni inayamba kuitana, a Bessie n'kulunjika kuchipinda, dzanja lina lili kale pa chitseko. Ndinaimirira n'kuwatsekereza njira.

"Amayi, Abedi ndi mlongo wanga?"