Golovesi ya ku Joni

Chibakera choyamba chinam'peza Wilfred atawerama pakhola la mbuzi, akumasula chitseko. Anagwa chagada m'ndowe. Asanadziwe n'komwe kuti wam'menya ndani, jombo ya kumgodi inali itam'ponda pachifuwa.

"Dzuka! Dzuka uthawe monga unathawira tsiku lija!"

Anali Yoramu, mlamu wake. Sutikesi yake yamalata inali gada pakati pa bwalo, fumbi la ulendo likadali m'tsitsi. Zaka zitatu ku Joni, moni wake n'kukhala umenewo! Anatsika sitima pa Balaka dzulo lake asakudziwa kanthu. Ali panjira yotsikira ku Bwanje, anthu apamowa anamuuza zonse, ndipo mukudziwa mmene anthu apamowa amafotokozera maliro: bambo ako a Eliya Ngozo tawaika Lachiwiri, nguluwe inawang'amba mimba kudimba, koma mkamwini amene anali nawo anabwera wosalala, wopanda ndi kabala komwe.

Yoramu anam'dzutsa ndi kolala ya malaya n'kum'menyetsa mutu pamtengo wa khola. Mbuzi zinabalalika. Magazi anatuluka m'mphuno, dzino linagwera m'fumbi. Wilfred anali chimunthu chamapewa, woti akanafuna akanam'pinda Yoramu pawiri, koma manja ake anangolendewera.

"Alamu," anatero, "pepani."

"Usanditchule alamu! Galu iwe!"

Selestina, mkazi wa Wilfred, anataya mtsuko n'kudumphira mchimwene wake kumsana. Anam'luma khutu mpaka Yoramu anakuwa. Apo ndi pamene mayi awo, a Lufina, anatuluka m'nyumba, mutu wometa kumene ulibe mpango, n'kukhala pansi pakati pa amuna awiriwo.

"Menya ine," anatero. "Makasu a adzukulu sanaume dothi. Ukufuna akumbenso sabata yomweino?"

Yoramu anagwada, nagwira mapazi a mayi ake, nalira ngati ng'ombe. Analira nthawi yaitali ndithu, ndipo aliyense pabwalopo anamumvera chisoni, ngakhale uyo anali kulavula magazi pambali pa khola.

Atapukuta misozi anafunsa, "Nguluweyo ili kuti?"

"Ikadali m'bango, kumunsi kwa dimba," anayankha a Lufina. "Muvi wa bambo ako uli pathako pake. Palibe akupitako. Chimanga chikungotha."

"Mundipatse uta wawo. Ndi golovesi ija ndinawatumizira."

Uta wa a Eliya unali wouma zedi. Anyamata ankayesa kuukoka pamasewera n'kuusiya akuyamwa zala, chifukwa nsinga yake inkadula ngati mpeni. Eni ake ankaukoka ndi kachikopa ka mbawala, kakang'ono ngati tsamba la mbatata, kobowola pakati polowetsa chala. Kanada bii ndi thukuta la zaka makumi atatu. Komabe zala za mkuluyo zinkang'ambika m'chilimwe, ndipo Yoramu anakula akuziona. Choncho atagwira ntchito chaka chimodzi kumgodi, anapatsira mnzake wa ku Tsangano golovesi yachikopa chochindikala, ya dzanja lamanja, kuti akapereke kwa bambo ake.

A Lufina anabwera nayo atainyamula ndi manja awiri.

"Ankainyadira, mwanawe. Aliyense wodutsa pano ankamuitana kuti aione. Kachikopa kaja anakapachika kudenga tsiku lomwelo."

Yoramu anaipsompsona n'kuisomeka m'lamba. Selestina anayang'ana mwamuna wake. Wilfred anayang'ana pansi.

Madzulo dzuwa lisanalowe, kuseri kwa nkhokwe, Selestina anali kum'thowa mwamuna wake nkhope ndi madzi amchere. Sankathowa mwachifundo ayi, ankachita kukanikiza.

"Muwauze."

"Ndinalumbira."

"Munalumbira kwa munthu wakufa, ndiye amoyo akupheni? Taonani diso ili!"

Wilfred anali atam'fotokozera mkazi wake yekha, tsiku la maliro. Nguluwe itatuluka m'bango, a Eliya anakoka uta bwinobwino, koma potaya, nsinga inakodwa pamsoko wa golovesi. Muvi unapita mopepera, chammbali, n'kungoibaya pathako. Anakokanso wachiwiri, unagwera pamapazi pawo. Wilfred anali tsidya lina la dimba ndi agalu, ndipo pofika ndi mkondo anapeza zatha kale. Wilfred atam'bereka kumsana, matumbo atawamanga ndi malaya, mkuluyo anam'nong'oneza: "Undivule ichi, ukachitsuke kumtsinje. Yoramu asadzamve. Mwana anafuna kundichitira zabwino."

"Mawa akupita nayo golovesi yomweyo," anatero Selestina. "Mukufuna mubwerenso ndi wina kumsana?"

Wilfred anadikira kuti apongozi ake apite kumadzi, nalowa m'nyumba ya malemu, nasolola kachikopa kaja pa udzu wa denga.

M'mawa mwake Yoramu anatsika kudimba ndi uta, mivi isanu ndi agalu awiri a bambo ake. Atacheuka anaona Wilfred akum'tsatira, diso limodzi litatsekeka, mkondo uli paphewa.

"Bwerera."

"Simukudziwa pamene imagona, alamu."

Zinali zoona, ndiye anayenda choncho, wina patsogolo wina pambuyo, osalankhulana. Dzuwa la ku Bwanje silichedwa kupsa. Pofika kumunsi kwa dimba malaya anali atamatirira kumsana. Chimanga chinali lambalamba, ndipo pena pake nthaka inali yakuda, ntchentche zili ng'waa. Yoramu anaima pamenepo. Sanafunse kuti n'chiyani.

Agalu anayamba kununkhiza m'mphepete mwa bango, ubweya wa pamsana utaima. Yoramu anasolola golovesi m'lamba. Wilfred anatambasula dzanja, kachikopa kali pachikhatho.

"Kokerani ichi."

"Chonyansacho? Bambo anachitaya."

"Chonde, alamu. Golovesiyo muvale tsiku lina."

"Ukuchita nsanje? Iwe unawapatsapo chiyani bambo anga, kupatula kuwasiya akudyedwa?"

Wilfred anaponya mkondo pansi. Anagwira dzanja la Yoramu n'kulipotokola mpaka golovesi inagwa, kenaka anaiponda ndi phazi. Ha, Yoramu anapenga! Anam'menya ndi uta pakhosi, nam'menyanso pakhutu, khutu linang'ambika. Anasolola muvi n'kuuloza pamimba pa mlamu wake, nsonga itaboola malaya.

"Chotsa phazi lako."

"Bayani. Koma simukoka uta uwu ndi chinthu ichi ine ndili moyo."

"Chifukwa?"

Wilfred anayang'ana nthaka yakuda ija. Anapepesa chamumtima kwa mkulu amene anam'bereka kumsana, ndipo ananena.

"Ndi imene inawapha. Nsinga inakodwa pamsoko, kawiri konse. Anandilumbiritsa kuti musadzamve."

"Bodza."

"Magazi ake ndinatsuka ndine. Yang'anani pa chala chapakati, nsinga inasiya mzere."

Wilfred anachotsa phazi. Yoramu anayang'ana pansi. Golovesi inali apo, kachikopa kali apo, pamene kanagwera pa ndewu ija. Mzere unalipodi, wakuya, wothera pamsoko penipeni. Muvi uja unatsika pang'onopang'ono. Nkhope ya Yoramu inachita ngati ya munthu amene wamwa madzi owawa.

Sanapatsidwe nthawi yolira. M'bango munamveka kukuwa kwa galu, kenaka galuyo anaponyedwa kunja, nthiti zili pamtunda. Bango linagawanika. Inatuluka nguluwe yamphongo, yofiirira, msana uli nyankhalala, chithako chitatupa mafinya pamene panali kathungo ka muvi wothyoka. Fungo lake linafika iyo isanafike.

"Alamu!" anakuwa Wilfred, akutola mkondo.

Yoramu anawerama. Dzanja lake linadutsa golovesi, linatola kachikopa. Chala chinalowa pabowo ngati kanadulidwira iyeyo. Anakoka mpaka nsinga inafika pakhutu, ndipo inachoka mosalala, thwee! Muvi unalowa kuseri kwa phewa mpaka theka.

Koma nguluwe si mbuzi. Inangopepesuka, n'kulunjika pa Yoramu, amene anali akupapasa muvi wachiwiri. Wilfred analowa pakati. Anagwada, tsinde la mkondo atalizika pansi, ndipo chilombocho chinadzibaya chokha pachifuwa. Mtengo wa mkondo unathyoka, khotyo! Onse awiri anagubuduzika m'chimanga, fumbi lili koboo, munthu pansi nguluwe pamwamba. Wilfred anaigwira makutu ndi manja onse, ikum'pala ntchafu ndi mano, iye osaisiya.

"Lasani! Lasani, alamu!"

Yoramu anafika pafupi moti akanatha kuigwira. Muvi wachiwiri unalowa m'khosi. Wachitatu unalowa m'diso. Nguluwe inaphupha, miyendo inapalasa nthaka, kenaka zii. Yoramu anatola chibulo cha mkondo wothyoka n'kuyamba kuimenya m'mutu, akutukwana m'zilankhulo zonse za kumgodi. Anaimenya mpaka chibulocho chinanyenyeka, ndipo sankadziwanso ngati akumenya nguluwe kapena ayi.

"Yafa kale," anatero Wilfred ali pansi. "Tandithandizani kuno."

Ntchafu inali itang'ambika kuyambira pabondo, mnofu uli yasa. Yoramu anavula malaya ake atsopano a ku Joni, nawang'amba, namanga balalo mwamphamvu.

"Alamu," anayamba Yoramu. "Ine..."

"Mangani mfundo ina apa. Amayi musakawauze. Iwo akudziwa kuti bambo anafa atavala mphatso ya mwana wawo, basi. Zikhale choncho."

Galu wotsala anabwera kudzanyambita magazi. Yoramu anakwawa n'kukatola golovesi ija m'fumbi, nakhala nayo pansi pambali pa mlamu wake. Anaikuntha pabondo. Kwa nthawi yoyamba chiitumizireni anayesa kuivala, koma zala zinakana kufika kumapeto. Munali kanthu. Anapisa ndi kamtengo, ndipo munatuluka kampira ka thonje, kolimba, kachikasu ndi thukuta. Chala chachiwiri chimodzimodzi. Zonse zisanu.

"Inkawakhwepa," anatero Wilfred, maso ali otseka. "Munagula ya dzanja lanu. Ndinawauza kuti tiidule tiisokenso, anakana. Ankati chinthu chochokera kwa mwana sachilowetsa mpeni."

Yoramu anayang'ana timipira tisanu tija pachikhatho chake. Kenaka anayamba kutibwezera, chala chimodzi chimodzi, akukankhira ndi kamtengo mpaka kumapeto, monga anatiikira eni ake.