Mwana wa Neblina Sanayamwe

Madzi a tiyi wa anthu a pamaliro anali asanawire pamene mayi Zubaida anaitana mwana wawo pazenera la kuchipinda. Zuleha anasiya makapu m'beseni n'kupita manja ali chinyowere.

"Kamwana ka Neblina kayamwa?"

Zuleha anali asanapiteko kukhola. Bambo ake, a Umaru, anagwa pakhonde dzulo lake m'mawa atangochokera kukhola, mtima n'kuima, ndipo pofika madzulo anali ataikidwa kale. Pa tsiku lotero ndani akanakumbuka akavalo? Wina anangowaponyera udzu pamwamba pa mpanda n'kuchokapo msanga.

Apa m'pamene mayi ake anamuuza zimene iye, munthu wa ntchito yogulitsa mankhwala ku farmácia ya ku Sanjala, sankazidziwa. Neblina, kavalo wamkazi wotuwa uja, anabereka sabata yomweyo, koyamba, koma ankamukana mwana wake. Bere linali lotupa ndi lopweteka, moti kamwana kakangoyandikira make ankaponya mwendo. A Umaru ndiwo ankalowa m'khola kangapo patsiku, kumugwira make kuti kamwanako kayamwe.

Zuleha anakasuzumira ataima patali. Kamwana kanali gone pa udzu, khosi lili pansi, nthiti zikukwera ndi kutsika mofulumira. Make ankazungulirazungulira, mkaka ukudontha m'miyendo. Zuleha anaimbira foni dokotala wa ziweto, koma uyo anali ku Cuamba ndipo anati afika mkuja. Anawonjezera mosabisa kuti kamwana kosayamwa sikadzamudikira.

Mayi Zubaida atamva anatenga mpango wawo kuti atuluke. Pakhomo anakumana ndi a Mwinyi, mng'ono wa malemu, wogulitsa nsomba wa ku Metangula, amene chifikireni anadzipatsa udindo wolondera khomo lililonse la nyumbayo.

"Alamu, muli pa eda, masiku amene namfedwa satuluka m'nyumba. Dothi la pamanda a achimwene silinaume n'komwe, anthu ali mbwee pabwalopa, inu mukaoneke kukhola?"

Anapitiriza kuti chiweto ndi chiweto, chikafa n'kufuna kwa Allah, ndipo amayi ena kukhitchini anali atayamba kale kunong'ona kuti kavalo wokana mwana wake si wabwino, mwina ndiye wadya mwini wake. A Mwinyi ankalankhula zonsezi atafulatira khola. Iwo ankawoloka nyanja mwera uli pakati osaphethira, koma pa kinta, famu ya achimwene awo, panjira ya ku Lione, ankadzera kuseri kwa chimbudzi kuopa kudutsa pafupi ndi mpanda.

Mayi Zubaida anabwerera n'kukhala pamkeka. Sanamutume Zuleha. Anangomuyang'ana, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa kutumidwa.

Zuleha ankaopa akavalo, ndipo si mantha a masewera ayi. Ali wamng'ono kavalo wina anamumenya theche paphewa, fupa n'kuthyoka, ndipo kuyambira pamenepo fungo lawo lokha linkamuumitsa kukamwa. Anakula akuona bambo ake akulowa pakati pa zinyama zimenezo ngati akulowa m'sitolo, iye n'kumadziona wachabechabe. Ankakhulupirira kuti ankachita naye manyazi, ngakhale sananenepo. M'mawa umenewu anawakwiyira. Munthu wotani wosiya ntchito yotere osaphunzitsako aliyense?

Koma kamwana kaja kanayesa kudzutsa mutu, mutuwo n'kugweranso pa udzu.

Mayi ake anamufotokozera pazenera, pang'onopang'ono, mmene amuna awo ankachitira. Amange chingwe cha kumutu pamphete ya pakhoma. Aime pafupi ndi phewa, asayerekeze kupita kumbuyo. Athowe bere ndi nsalu ya madzi ofunda, akame pang'ono kuti lifewe, kenako anyamule mwendo wakutsogolo, pakuti kavalo woima ndi miyendo itatu saponya theche. Vuto linali lakuti kamwanako sikakanathanso kuima kokha.

Zuleha anatembenukira kwa a Mwinyi, bambo ake aang'ono amene ankawatchula Tio.

"Tio, mukandinyamulira kamwanako."

Iwo anayamba kunena za msana wawo. Atayang'ana pabwalo anapeza azibambo onse asiya tiyi, akuwayang'ana. Anakonza kofia n'kumutsatira, milomo ikuyenda ndi mapemphero amene mwina sanawatchulepo chichokereni ku madrasa.

Zuleha sanadziwe mmene anatsegulira chipata. Anangoona ali m'kati, ndowa ikugunda bondo lake, madzi akutayikira m'mapazi. Neblina anagoneka makutu n'kutulutsa mano. Anali wamkulu kuposa mmene ankaonekera kunja. Pamene Zuleha ankafikira chingwe, kavaloyo anapotoza khosi n'kumuluma pamkono, pamwamba pa chigongono. Ululu unafika mpaka m'mano. Anafuna kuthawa, koma a Mwinyi anali atatseka njira, atakumbatira kamwana kaja, maso ali tsinzinu.

Zuleha anamanga chingwe pamphete. Anaviika nsalu, n'kuwerama, tsaya lake lili pa nthiti za kavalo. Pansi pa chikopa chotenthacho mnofu unkanjenjemera, ndipo sanadziwe ngati wonjenjemerayo anali kavalo kapena iye. Nsalu itakhudza bere, chiboda chinamenya khoma, thabwa n'kung'aluka. Kubwalo mayi wina anakuwa. Zuleha anaganiza kuti afera pomwepo, kuti mawa akumbanso manda ena pafupi ndi a dzulo. Analira mosabisa, mamina ali chuchuchu, koma dzanja silinachoke. Anathowa, anakama, mkaka wofunda ukutsikira m'chigongono, mpaka Neblina anapuma mpweya wautali n'kutsitsa mutu.

Zuleha ananyamula mwendo uja n'kuupanikiza pa ntchafu yake. A Mwinyi anakankhira kamwana kutsogolo, iwo atatalikitsa mutu wawo momwe khosi linawalolera. Kamwanako kanafufuza m'mimba, kanayamwa chala cha a Mwinyi, kanagwa, anakadzutsanso. Kenako kunamveka kaphokoso ka kumeza, ndipo kamchira kanayamba kugwedera.

Msana wa Zuleha unkayaka moto, koma sanausiye mwendowo mpaka kamwana kanalekeza kokha, mkaka uli kukamwa mbuu.

A Mwinyi anatuluka osayang'ana m'mbuyo, kofia itatsala m'ndowe. Zuleha anatseka chipata. Anagwira nsanamira ya chipatacho kuti asagwe. Mtengowo unali wokhakhala ponseponse, koma pamene panagwera dzanja lake panali poterera, pakuda, polowa m'kati pang'ono ngati mpini wa khasu lakale.

"Pamenepo m'pamene ankagwira abambo ako," anatero mayi ake pazenera.

Zuleha anawayang'ana osamvetsa.

"Asanalowe ankaima pamenepo, kudikira manja asiye kunjenjemera. M'mawa uliwonse, chiyambire tsiku limene anakunyamula paphewa pako pali magazi. Ankadzuka iwe usanadzuke kuti usawaone."

Zuleha anafunsa chifukwa chake sanangowagulitsa onse. Mayi ake anayankha kuti anawafunsapo zomwezo, iwo n'kunena kuti akavalowo sanalakwe, wolakwa anali iwo amene anasiya chipata chosatseka. Atatero mayiwo anakoka nsalu ya pazenera, chifukwa kunkabwera alendo ena odzapepesa.

Dzuwa lisanafike pamutu kamwana kaja kanalira ndi kamawu kopyapyala, kali chiimire pa miyendo yake yopindikapindika. Zuleha anamanga mkono wotupawo ndi mpango, anatenga ndowa ya madzi ofunda, n'kupita yekha. Pachipata anaika ndowa pansi, n'kuika dzanja lake pamalo poterera paja. Dzanjalo linali laling'ono, silinapadzaze. Anadikira kuti lisiye kunjenjemera. Silinasiye, ndipo anatsegula.