Dengu la Taribum

Tandiyankheni, inu odziwa kulemba padongo: ndani amalamula ngodya zinayi za dziko, koma sadziwa kumene madzi akwawo amachokera? Musavutike, mumuona.

Tsiku lachitatu chimwalirire Taribum, mfumu ya kamzinda kathu, mwana wake wamkazi Kunutum anagwada pakabowo kotsikira kumanda, pansi pa nyumba. Wakufa samwa madzi asanamve dzina lake. Koma mtsuko unali m'manja mwa mlongo wake Ubarum, mfumu yatsopano, amene anakulira kulikulu n'kubwerako ndi ndevu zopotapota.

Anathira madzi akuitana Mfumu ya Dziko Lonse, Mwini Ngodya Zinayi, Mbusa wa Mitundu. Mtsuko unatha, dzina la Taribum osamveka.

"Achimwene, bambo sadziwa kuti mukuitana iwo," ananong'ona Kunutum.

Ubarum anati mayinawo ndi ake tsopano, bambo anangowabwereka. Kunutum anayang'ana pansi. Akanadzudzula bwanji? Si iye yemwe dzulo lake anabisa dengu la malemuwo kuseri kwa mitsuko, kuopa kuti alendo akulikulu amene anabwera kumaliro angadziwe kuti mfumu inkasenza matope?

Asanadzuke, kunabwera alimi. Ngalande yatsekeka, balere akufota, ndipo mwambo sulola munthu kukumba mfumu isanasenze dengu loyamba la matope poyambira ngalandeyo. Ubarum anati mtsinje wonse wa Firate ndi wake, kangalande n'chiyani. Anavala mkanjo wamphonje, natsogola.

Alimi anatsatira ali chete, poti mfumu siuzidwa njira. Iye anadutsa minda ya kanjedza, nakhotera kumanzere, nakaima monyada padzenje limene oumba njerwa amapondera dothi ndi ndowe.

"Yambani apa," analamula.

Gogo Sabitum wofulula mowa ndiye anayamba. "Mbuyanga, imeneyi ndi ngodya yachingati?"

Anthu anaseka mpaka kukhala pansi, alendo akulikulu omwe. Ine ndinagwira m'nthiti. Kunutum yekha sanaseke.

Anabwerera kunyumba, natulutsa dengu lija. Pansi pake panali phula lomata katatu, ndipo nkhata inali idakali ndi imvi ziwiri. Asanapite nalo kwa mlongo wake, anatunga madzi m'kachikho, nagwada pakabowo.

"Taribum, mwana wa Sin-rabi," anatero, "imwani, bambo. Ngalande tikukatsegula."

Kutali, kuseka kunali kusanathe.