Thalauza Losinthira

Kwa zaka zisanu ndi zinayi, mkazi wa aphunzitsi ankadziwa zimbudzi zonse za m'tauni: cha kumsika chopanda loko, cha kubanki chofuna kunyengerera mlonda, cha pothirira mafuta chomwe kiyi wake amamumangirira ku kachigubu. Wodwala sanali iye. Anali amuna ake, aphunzitsi opuma ntchito, omwe chikhodzodzo chawo chinali chosamva za munthu. Ana anawapatsa dzina loti a Ndikubwera, poti nkhani iliyonse inkadukira pa mawu amenewo. M'chikwama chake mayiyu ankayenda ndi thalauza losinthira, ndipo chinsinsichi chinali cha awiriwo basi.

Mapiritsi atakanika, dokotala anawatumiza kukabayitsa singano za magetsi Lachiwiri lililonse. Tsiku loyamba mayiyu analowa nawo maso ali gwa, poganiza kuti bambo avulidwa. Nesi anangowavula sokosi, n'kubaya kasingano kowonda ngati tsitsi pamwamba pa kakolo, n'kulumikiza waya ku kabokosi. Chala chachikulu chakuphazi chinayamba kugwedera chokha.

"Mukumva bwanji, bambo?" anafunsa nesiyo.

"Ngati nyerere zikuguba," anayankha aphunzitsi, n'kuseka kuseka komwe kunyumba kunali kutasowa.

"Matenda ali kumtunda, inu mukubaya mwendo?" mayiyu analowererapo.

"Mtsempha wake ndi womwewo, mayi. Tikugogoda khomo lakuseri."

Nsanje inamugwira mayiyu pomwepo, ndipo sinamusiye. Iye zaka zonsezi kuchapa, kudikira pazitseko, kunamiza alendo kuti bambo akuyankha foni, wina kungobwera ndi kawaya theka la ola, basi ndiye wa dzanja lodala. Kunyumba nkhani inali ya nesi yokhayokha. Munthu amene ankavala masokosi obooka chidendene anayamba kufunsa ngati otuwa aja achapidwa. Mayiyu ankafunadi kuti amuna ake achire, koma osati mosavuta chonchi.

Patatha miyezi iwiri, akukonzekera kukaona mwana wawo wamkazi, aphunzitsi anapisa m'chikwama muja, n'kutulutsa thalauza lija, n'kuliika pabedi.

"Ili litsale, mayi. Mwalinyamula mokwanira."

Ananena mwachifundo, koma mayiyu anamva ngati wachotsedwa ntchito. Ananyamuka pagalimoto, bambo akuyendetsa. Anadutsa msika, anadutsa banki, bambo akusimba nkhani kuchokera poyambira mpaka pothera, osayang'ana n'komwe kumbali.

"Imani apa," anatero mayiyu atafika pothirira mafuta.

"Ine ndili bwino, mayi."

"Sindikunena inu."

Anatenga kiyi wa kachigubu uja n'kudzitsekera m'kati. Sichinamupane chilichonse. Anangoima pasinki, madzi akutayika, akudzifunsa kuti munthu wochira amamufuniranji mkazi wodziwa zimbudzi. Misozi inatsika, ya mkwiyo ndi ya manyazi yomwe.

Atatsegula chitseko anapeza aphunzitsi ataima pomwepo padzuwa, chikwama cha mayiyu chili pamkono pawo, anyamata othira mafuta akuwaseka chamumtima.

"Kani kuima pano n'kowawa chonchi?" anatero bambowo motsitsa mawu. "Ine mphindi zisanu zokha miyendo yayamba kale. Inu zaka naini, osadandaula ngakhale tsiku limodzi."

Mayiyu anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masokosi otuwa aja. Bambo anatambasula dzanja kuti abweze chikwama.

"Gwirani chomwecho," anatero mayiyu. "Sindinamalize."

Analowanso n'kukhoma chitseko.