Chala Chopindika

Sufiyan ankati filimu yoopsa siifuna chigulu cha anthu. Chipinda chopanikiza, mpando ndi chingwe, basi. Mnyamatayu amakonza mafoni pafupi ndi renki ya matekisi m'tauni, ndipo timakhala m'nyumba imodzi ya mafulati ku Berea, kuno ku Joni, iye pansi, ife pamwamba. Ine ndimalondera nyumba yosungiramo katundu ku Springfield. Mphwanga Saida, mwana wa achemwali anga a Binti, ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Glenwood. Pomutumiza kuno, achemwali anati, "Mwini mbumba ndinu, achimwene. Mukamuyang'anire."

Filimu imene Sufiyan ankafuna kujambula pa foni yake inali ya mtsikana wobedwa ndi chigawenga. Saida anavomera kukhala mtsikanayo. Amene amayenera kukhala chigawenga anaitanidwa kuntchito Lamlungu limene anakonza zojambula, ndiye Sufiyan anakwera masitepe kudzandigogodera.

"A Rahman, inu simulankhulalankhula. Munthu wotero ndiye amaopsa."

Ndinakana. Saida anandinyengerera uku akuseka. Pomaliza ndinaganiza kuti ngati pali mwamuna woti amange mwana wa achemwali anga chingwe, bola akhale ine kusiyana ndi mlendo.

Tinajambula masana m'kachipinda kosungiramo matsache, kunsi kwa masitepe. M'nyumba imeneyi Chichewa sitichikweza, chifukwa sudziwa amene akumvetsera kuseri kwa khoma. Sufiyan anati zimenezo zatithandiza, kunong'ona kumaopsa kuposa kukuwa. Nkhope yanga sanafune kuionetsa.

"Manja okha," iye anatero. "Woonera akapanda kuona nkhope, amaikapo ya munthu amene amamuopa."

Ndinamanga chingwe, ndinanong'ona mawu amene anandipatsa: "Uwauze kwanu kuti nthawi ikutha." Saida analira mpaka ine ndinayang'ana kumbali. Sufiyan atazimitsa foni, mtsikanayo anaseka n'kufunsa ngati pali tiyi.

Lachitatu m'mawa, ndikuweruka, foni inalira. Anali achemwali. Sanandipatse moni.

"Mwana wanga wamuika kuti?"

Chikulire changa anali asananditchulepo kuti iwe.

"Ali kuntchito, achemwali. Kwagwanji?"

"Usandipusitse. Ndamuona pa mpando, womangidwa ngati mbuzi. Ndipo manja ndawaona. Chala chimenecho ndinachithyola ndine ndi munsi, uli mwana, utapisa dzanja mumtondo. Ndingachiiwale?"

Ndinayang'ana chala changa chaching'ono cha kumanja, chopindika ngati mbedza. Ndinayamba kufotokoza, koma foni inali itadulidwa.

Sufiyan ndinamupeza pa kauntala yake akumasula foni ya mayi wina wa Chizulu. Atandiona anamwetulira mano onse pamtunda.

"Mwaiona, akulu? Yayaka moto! Mangochi yonse ikuifuna."

Anali atadula kachidutswa ka filimuyo n'kukatumiza ku magulu a pa foni a anthu akwathu. Sanalembepo dzina, sanalembepo kuti ndi sewero.

"Unaiwala?" ndinamufunsa motsitsa mawu.

"Ayi, dala. Mukalemba kuti filimu, munthu amangodutsa. Mukapanda kulemba, mtima umagunda, amatumizira mnzake." Anatembenukira kwa mayi uja: "Yebo sisi, sharp." Kenaka kwa ine: "Umu ndi mmene amaitanira malonda masiku ano."

"Wawatumizira anthu amene ana awo ali kuno. Anthu amene foni ikalira kuchokera ku Joni amayamba akhala pansi asanayankhe. Sunadziwe zimenezo? Mayi ako ali kuti?"

"Eish, a Rahman, tingowauza kuti ndi masewera."

"Tseka pano."

"Ndili ndi kasitomala."

"Tseka."

Sindinakweze mawu. Mayi uja anatenga foni yake yosamaliza kukonza n'kuchoka.

Madzulo Saida ataweruka tinakhala atatu m'chipinda changa n'kuimba foni ya kanema. Achemwali anaoneka atakhala pakhonde, maso otupa. Saida anaimirira, anazungulira, anaonetsa mikono kuti ilibe bala. Sufiyan anapepesa, anaonetsa chingwe ndi mpando womwe uja. Achemwali anamvetsera mpaka anamaliza.

"Ndamva," anatero. "Ndi sewero. Tsopano mundiuze, ndiyambire khomo liti? Kumjigo akuona, kumsika akuona, kumzikiti afunsa kale bambo ake. Mwana wamudziwa aliyense. Chalacho ndinachitchula ndekha ndikulira, anthu ali pomwepo. Akuti a Rahman akhwimira mphwawo ku Joni. Akuti nanga mkazi wawo uja anafa bwanji."

Mkazi wanga anadwala nthawi yaitali, ndipo achemwali omwewa ndi amene anamusambitsa.

"Inu mukukhulupirira zimenezo?" ndinafunsa.

"Ine ayi. Koma pafoni anthu aona kale zina. Sakhulupiriranso za pafoni. Mwana abwere, amuone ndi maso akuyenda pamsewu."

"Amayi, ndikachoka ntchito yatha," Saida anatero. "Adona sadikira munthu. Pageti pamabwera atsikana tsiku lililonse."

"Ubwere."

Saida anatembenukira kwa ine. "Amalume, lankhulani. Mawu omaliza ndi anu, si a amayi. Mukati ndikhale, ndikhala."

Ankanena zoona. Kwathu mawu a malume pa mphwake amalemera, ndipo achemwali akanang'ung'udza koma akanagonja. Koma malume amene akumunena kuti watsekera mwana, akakana kumutulutsa, watsimikiza yekha mlandu. Sizikanathera pa ine. Achemwali akanamatunga madzi ali okha, anthu akuwasala, ndipo Saida akanadzabwerera kwawo ngati mtsikana amene anamuchitira zamankhwala.

"Upite," ndinatero.

Saida anandiyang'ana. "Munandibweretsa ndinu. Chingwe munamanga ndinu. Lero mukundipirikitsa ndinu."

"Inde."

"Inde basi? Mulibe mawu ena?"

Ndinali nawo, koma sanali ake. Ndinayang'ana Sufiyan.

"Akulu," iye anayamba, "mwina asanapite tijambule gawo lomaliza, pamene akupulumuka. Anthu akaona mathero amvetsa. Komanso nkhaniyi yatchuka kale, kungoisiya..."

"Mathero ake ndi amenewa," Saida anamudula. "Wawalemba wekha, Bwana Dairekita. Tuluka."

Sufiyan anatumizadi uthenga wofotokoza m'magulu onse aja. Unalandira tizala tochepa toloza m'mwamba, n'kumira pansi pa mauthenga a maliro ndi a anthu ofuna zipinda. Kachidutswa kaja kankayendabe. Lachisanu adona a ku Glenwood anali atalemba kale ntchito mtsikana wina.

Saida ndinamuperekeza kokwerera basi Loweruka m'mawa. Chikwama ndinanyamula ine, ndipo sanandilande, komanso sanandilankhule. Ali pakhomo la basi anati, "Kapu yanga ya buluu musapatse munthu," n'kukwera.

Sufiyan anabwera ngakhale sanaitanidwe. Basi italiza injini ndinamuona akukweza foni, akuloza pa zenera pamene Saida anakhala.

"Ndi umboni chabe, akulu. Kumudzi aone kuti wanyamuka."

Ndinatambasula dzanja kuti nditseke kamera. Lili m'malere ndinakumbukira kuti ndi lamanja, la chala chopindika chija. Ndinalibweza m'thumba, n'kuima kutsogolo kwake, msana wanga utatchinga foniyo, mpaka basi inakhota.