Magetsi Oyera a Kuchipinda

Alexio atabwerako ku Joni, komwe anakhalitsa akupenta nyumba za anthu, chinthu choyamba kumusowetsa mtendere chinali magetsi a kuchipinda.

Nyumba yawo ya ku Mponela anaimanga asananyamuke, ndipo m'siling'i anaikamo timagetsi ta LED tozungulira, tolowa m'kati moti kunja kumangooneka galasi lokha. Anatisankha yekha, tonse towala mofiirira. Koma atayatsa kuchipinda tsiku lofikalo, tiwiri ta pamwamba pa bedi tinawala mbee ngati m'chipatala.

Anafunsa mkazi wake, Loyce. Iye anayankha uku akupinda zovala kuti takale tija tinayamba kuphethira m'dzinja, kenako tinathimiratu, ndiye anakagula tina pashopu ya zamagetsi kufupi ndi msika.

"Nanga anakuikirani ndani?"

"Ndinaika ndekha."

Alexio anayang'ana siling'iyo. Inali patali ndithu, ndipo Loyce ndi wamfupi, munthu woti ngakhale kuthyola mango amachita kuitana ana. 

M'mawa mwake anapita ku Chisepo kukaonekera kwa achemwali ake, a Modesta. Atatha kufunsana za matenda ndi maliro, iye anatchula za magetsi aja ngati nkhani yoseketsa. A Modesta sanaseke. Anati iwo sakonda kulowerera za m'nyumba za eni, kungoti anthu amanena kuti njinga yamoto ya Gregorio, wokonza magetsi uja woimba kwaya limodzi ndi Loyce, inaonekapo pageti. Kangati, iwo sakudziwa.

Kuyambira pamenepo Alexio ankaona chilichonse. Loyce akapita kumsika, iye ankakwera pabedi n'kumayang'anitsitsa zidindo za zala zimene zinatsala m'mbali mwa getsi, kuyerekeza ndi zala zake. Pena zinkaoneka zazing'ono, pena zazikulu. Anapita kushopu ija kukafunsa, koma mayi wogulitsa, Faines, anati timagetsi timeneti timafa kwambiri masiku ano ndipo sangakumbukire aliyense wogula. Potuluka anakumana ndi Gregorio mwiniwake, yemwe anamupatsa moni ndi manja awiri, namuuza kuti anafikako kunyumbako kukakonza soketi ya kukhitchini. Za soketiyo Loyce anali asanatchulepo.

Kunyumba ankadya mwakachetechete. Loyce akafunsa ngati wadwala, ankati ndi kutopa kwa ulendo.

Kenako getsi limodzi la pabalaza linayamba kuphethira, n'kufa. Alexio anakagula lina, ndipo Loweruka m'mawa, mwana wawo Takondwa atapita kutchalitchi kukaphunzira katekisimu, analiika patebulo lili m'katoni yake.

"Amake Takondwa, tasinthani ndione."

Loyce anayang'ana katoniyo, kenako anayang'ana mwamuna wake nthawi yaitali. Anapukuta manja pachitenje, napita kukhonde kukathimitsa magetsi a nyumba yonse. Anakokera tebulo pansi pa getsi lakufalo, naikapo mpando pamwamba, n'kumuuza Alexio kuti agwire miyendo ya mpandowo. Mawu ake anali ozizira ngati akulankhula ndi mlendo.

Atakwera, analowetsa zikhadabo m'mphepete mwa getsi n'kukokera pansi pang'onopang'ono. Mbali imodzi itatuluka, anapanikiza kawaya kolimba kamene kamaligwiriza kusiling'i, koma ka mbali inayo kanafwamphuka n'kumumenya chala. Anangoluma mlomo. Getsi linalendewera, ndipo pambuyo pake panatuluka kabokosi kakang'ono kamawaya, kakuda ndi chinyezi. Anakamasula, nalumikiza katsopano, napinda tiwaya tija m'mwamba n'kukankhira getsi m'bowo mpaka linakhala thethethe.

Atatsika anamupatsa Alexio kabokosi kakale kaja m'manja. Kanali konyowa. Anati denga limadontha, ndipo ndi madziwo amene akupha magetsi. Anati anamuuzapo pafoni, Alexio n'kuyankha kuti adzaona akadzabwera.

Loyce anakayatsa kukhonde kuja, getsi linawala. Alexio anamva manyazi akumukwera kumaso, komabe pakamwa pake panatuluka funso lina.

"Anakuphunzitsani ndani?"

"Gregorio," anatero Loyce osaphethira. "Ndinamupempha kuti asinthe a kuchipinda tsiku limene anadzakonza soketi. Anakana. Anati sangalowe kuchipinda kwa mwamuna mnzake mwini wake ali kutali. Anandionetsa ndi getsi la kukhitchini, Takondwa ali pomwepo. Mukamufunse mwanayo, poti mwafunsa kale Mponela yense."

Alexio sankadziwa kuti za kushopu zija zinamupeza Loyce. Anafuna kufotokoza za a Modesta, koma anaona kuti kutchula achemwali ake kungowonjezera moto. Loyce anamanga chala chake ndi kansalu n'kubwerera kukachapa.

Lolemba Loyce analongedza kachikwama, nati akupita kwawo ku Chezi kukathandiza amayi ake kukumba mtedza. Takondwa anamusiya chifukwa cha sukulu. Za tsiku lobwerera sananene.

Alexio anatsala ndi mwanayo. Kangapo konse anatsegula pakamwa kuti amufunse za tsiku la soketi lija, koma akaona mtsikanayo akulemba za kusukulu, ankangomufunsa ngati wakhuta. Anabwereka makwerero nakwera padenga. Anapeza misomali yambiri itasukusa, mabowo ake atakula, ndipo malata awiri anali ataphonyana pamwamba penipeni pa chipinda. Anakhoma, namata phula, dzuwa likumuwotcha msana.

Sabata yotsatira anamusiya Takondwa kwa aneba, nagula shuga ndi sopo, n'kukwera minibasi. M'njira, galimoto ikukwera zitunda za Dowa, anadzipeza akuwerengeranso za njinga yamoto ija, kuti kodi anthu angaione kamodzi kokha n'kuyamba kuinena. Anayesa kuganiza zina.

Apongozi ake anamulandira mwaulemu, koma sanamuyalire mphasa. Anangomulozera kumunda, kutsetse kwa phiri. Anamupeza Loyce atawerama pamzere, akukutumula dothi kumtedza. Anamuuza kuti denga wakonza.

Loyce anaweramuka, namuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumaso.

"Khasu lina lili pansi pa mtengo apo," anatero. "Muyambire mzere wakumunsiwo."

Alexio anavula nsapato zake za ku Joni, nazisiya pachitsa, n'kukatenga khasulo.